Nanga enawo anatani?

Pepala lililonse la kafukufuku wa mankhwala, mayi a kufamase ankaliyambira kumapeto. Ankanyowetsa chala, n'kutsegula tsamba lomaliza pamene pamakhala timalemba ting'onoting'ono tonena amene analipira ntchitoyo. Akatero ankakweza magalasi n'kufunsa kuti, "Ochirawo ndawaona. Nanga enawo anatani?"

Amuna awo, telala wa makina amodzi, funsoli analimva mpaka kuliloweza. Otsatsa mankhwala ankatuluka m'famasemo thukuta lili kamukamu. Ophunzira udokotala anawapatsa dzina loti Nangaenawo, ndipo akawaona pakhonde ankakhota.

Mayiwo atapuma pantchito, shuga anawatulutsa bala kuphazi. Silinkapola, ndipo madokotala anayamba kunena zodula. Panali njira yatsopano yomangira mabala otere, koma telala ankawadziwa akazi ake: chopanda umboni sankachilola, ngakhale phazi lipite. Bamboyo anangokhala pampando wa m'wodi, chipewa pabondo.

Kunabwera dokotala wa imvi zongoyamba kumene, mapepala awiri a kafukufuku wa njira yatsopanoyo m'manja.

"Si iwe unkabisala kuseri kwa makatoni a magolovesi?" anatero mayiwo.

"Ndine ndemwe, mayi. Lero sindithawa." Anawapatsa loyamba. "Ili musavutike nalo. Anayesa anthu ochepa, popanda owayerekeza nawo, ndipo analipira ndi ogulitsa omwewo. Ndangobwera nalo kuti museke."

Sanaseke. Anatenga lachiwiri, ananyowetsa chala, n'kupita kumapeto. Kenako anayamba mafunso.

"Magulu anawagawa ndani?"

"Anachita maere. Oyeza mabala sankadziwa kuti uyu ndi wa gulu liti."

Magalasi anakwera pamphumi. "Nanga enawo anatani?"

"Ena sanachire, alembedwamo. Osiyira panjira awerengedwanso. Koma odulidwa anachepa kusiyana ndi a njira yakale. Phazi sindikulonjezani, mayi. Mwayiwo ndiye ndi weniweni."

Anawerenganso, milomo ikuyenda. Kenako anapinda pepalalo bwinobwino n'kucheukira amuna awo.

"Bambo a mwana, nsapato yakumanzere ija musapatse munthu."

"Ine ndimati ndizisungiramo mabatani," anatero telala.

"Mabatani anuwo apezereni chitini."

Aka kanali komaliza telala kuwaona akuyambira pepala kumapeto, chifukwa maso a mayiwo anafooka chaka chomwecho. Koma pachipata cha chipatala anatuluka atavala nsapato zonse ziwiri, akukalipira amuna awo kuti akuchedwa kuyenda.