Dothi Lanu Likuyoyoka

Ndisanayambe kulira, zinthu ziwiri zimveke kaye: chithunzi chanuchi ndichite nacho chiyani, ndipo abale anu ndiwapeza bwanji poti mwambo wa kwanu ku Australia sulola kutchula dzina la malemu?

Bambo, lero chakwana chaka chimwalirireni inu. Ndakumbuka m'ma 1970 muja, mutabwera ku Toronto, kuno ku Canada, kudzaonetsa zojambula zanu, ine ndili pa ntchito yosamala zithunzi. Munkapera dothi lofiira pamwala, longa katondo wozirira nyumba kwathu, n'kumajambula pa khungwa la mtengo. Nditaona kuti dothilo likuyoyoka ndi mpweya wouma wa m'nyumba zakuno, ndinathamanga kukatenga vanishi woti ndilimatire. Munandigwira dzanja. "Mwanawe, dothili ndi lamoyo. Ukalimata lipuma bwanji?"

Ndinamvera, koma mpaka pano ndimakwiya nanu. Khungwa munandipatsa lija lili kuno ku Hamilton, kumene ndikukhala tsopano. M'mawa uliwonse ndimapeza fumbi lofiira pansi pa felemu, n'kulikokolera m'kabotolo. Nsomba munajambula pakhungwapo ija yatsala mutu wokha.

Amene mukuwadziwa ana a bamboyu, ndifunsireniko: ndimate vanishi, kapena ndibweze kwawo pamodzi ndi kabotoloka? Mutuwu sufika chaka chamawa. Chonde andiyankhe msanga.