Tsiku Limene Belu Linalira Lokha

Ophunzira anga a folomu 3 apatsidwa thandizo loti afufuze ngati makalasi athu angapirire chivomezi. Dzulo, akuyeza ming'alu kuseri kwa sukulu, anafukula chitsulo chadzimbiri cha gudumu la galimoto. Nditachigogoda ndi mwala, ndinakumbuka kwathu ku Chisepo.

Kupulaimale kwathu belu linali chitsulo ngati chomwechi, chopachikidwa pamtengo wa mkuyu. Likalira, womalizira kulowa m'kalasi ankalandira zikwapu ziwiri.

Tsiku lina pa buleki, tikusewera fulaye, nthaka inayamba kunjenjemera. Malata anasokosera, agalu anauwa kumudzi. Chitsulo chija chinayamba kudziwombetsa pamtengo, ngwe, ngwe, popanda wochigwira.

Tonse tinathamangira m'kalasi.

"Tulukani! Ana inu, tulukani msanga!" aphunzitsi athu anakuwa ali pabwalo, choko chili m'manja.

Palibe anatuluka, chifukwa belu linali litalira. Ine ndinakhala pamalo panga m'mbali mwa khoma, n'kupinda manja bwinobwino. Khomalo linkathetheka pang'onopang'ono, dothi likugwera pakope langa. Ndinalisasa, ndili wosangalala kuti sindinali womalizira.