Kugogoda kwa Pansi pa Simenti

Mukufuna mawu olimbitsa mtima? Mverani za Roselène.

Ine mapazi anga sakhazikika. Kobadwira ndi ku Port-au-Prince, kogona ndi kulikonse. Ku Léogâne ndinakhala miyezi isanu, ndikupenta makoma a koleji ina ya mpingo. Ndi komwe ndinamuonera.

Zaka zingapo ine ndisanafike, chivomezi chinamupeza m'kalasi. Denga linagwa. Masiku awiri ali pansi pa simenti. Pafupi naye panali mnzake, Widline, akugogoda paipi ndi mwala kuti anthu amve. Go, go, go. Anthu anamva. Koma pomwe ankafika, kugogoda kunali kutasiya. Anatulutsa wamoyo mmodzi, Roselène.

Koleji inamangidwanso. Roselène anabwerera kudzamaliza za uphunzitsi. Koma akangoponda pakhomo, ankamva. Go, go, go. Pansi pa mapazi ake, dzuwa likuswa mtengo. Ankathawa. Mayeso analephera kawiri, osalemba ndi dzina lomwe. Kachitatu ndiye kuti basi, kwawo.

Anzake ankamuseka. "Iwe Roselène, mlendo wako uja wabwera lero? Umuuze alembetse, mipando ilipo!"

Pulofesa Anténor sankaseka nawo. Bambo woonda, wophunzitsa Chipangano Chakale. Mwendo wawo umodzi unatsala m'chivomezi chomwecho. Tsiku lina analamula kuti bolodi ituluke. Kalasi yonse pansi pa mtengo wa mango.

"Abambo, nyerere zitimaliza kuno!" anadandaula wina.

"Mose anaphunzitsa m'chipululu zaka makumi anayi. Iwe nyerere zokha ukulira?"

Mlungu uliwonse ankasuntha bolodi pang'ono, kulowera kukhomo. Sanauze munthu. Ine ndinkaona ndili pamakwerero. Mthunzi wa mango. Kanjira. Masitepe. Khonde. Roselène ankangotsatira ndi mpando wake.

Linafika tsiku la mayeso. Lamulo ndi lolembera m'holo, pansi pa denga. Roselène anakhala pafupi ndi chitseko. Onse zii.

Go, go, go.

Sindinama. Ndinali pawindo ndi burashi, nanenso ndinamva.

Roselène anaimirira. Pulofesa anafika ndi ndodo zawo.

"Wabwera, abambo," ananong'ona mtsikanayo.

"Ndamumva."

"Akufuna ndibwerere komwe ndinamusiya."

"Ayi, mwana wanga. Paja Widline ankagogoda kuti chiyani?"

"Kuti atipeze. Titulukemo."

"Ndiye sakukuitanira pansi. Akufunsa ngati unatuluka. Iwe umangothawa. Muyankhe."

Roselène anakhala pansi. Anatenga cholembera nagogoda padesiki. Go, go, go.

Zii.

Anadikira. Ziii.

Analemba dzina lake. Kenako tsamba loyamba. Kenako lachiwiri. Anatuluka womaliza.

Ndisanachoke ndinawafunsa pulofesa kuti chinali chiyani.

"Mapaipi amalira kukatentha, achimwene."

"Holoyo ndapenta ndine, abambo. Mulibe paipi."

"Ine si pulambala," anatero. "Ntchito yanga ndi kusuntha bolodi."

Chaka chatha ndinadutsa ku Jacmel. Roselène amaphunzitsa kumeneko, m'nyumba yosanja, kalasi ya pamwamba. Akalowa m'mawa amagogoda patebulo katatu. Ana amayesa akuwaletsa phokoso.

Inu amene chinachake chimakugogoderani pansi pa mapazi, musathawe. Sunthani mpando, ngakhale phazi limodzi pa mlungu. Mukafika pakhomo, yankhani kuti muli moyo. Mtima usagwe, munatuluka kale.