Chithunzi cha m'chigafa

Amalume anali ndi timakatoni tiwiri todula ngati chilembo L, tochokera ku bokosi la sopo. Ankatiika pamwamba pa chithunzi n'kumatisuntha pang'onopang'ono mpaka pakati patatsala zomwe akufuna. Zogwera kunja zinkatayidwa. Nyengo yosoka fodya, chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4, chogwera kunjacho nthawi zambiri ndinali ine.

Amalumewo, mchimwene wawo wa amayi, ankakhala ku Nathenje ndipo ankagwira ntchito yotsuka zithunzi mu Lilongwe. Kwathu ku Mitundu ankabwera ndi kamera yakale ndi filimu ya zithunzi zakuda ndi zoyera, pomwe wojambula wa pamsika anali atayamba kale zoonetsa mtundu weniweni wa chitenje. Anthu sankawamvetsa. Kwathu chithunzi chinali ndi malamulo ake: munthu asambe, adzole, avale nsapato, aime chilili, aoneke kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Amalume ankajambula osachenjeza, munthu akutafuna kapena akukanda. Bambo wina woyandikana nafe, ataona kuti chithunzi chake chalekezera m'chiuno, anafunsa ngati miyendo yake yatsalira mu kamera kuti akaitenge, poti amaifuna polima.

Ine sindinkaseka. Abambo anali ku Joni, ndipo anachoka ndisanagweluke mano. Munthu wina wa m'mudzi mwathu ankabwerera komweko ikatha Pasaka, ndiye amayi anapempha chithunzi choti akapereke. Ndinkafuna abambo aone kuti ndatalika.

Masabata amenewo kusukulu sindinkapita. Fodya anacha nthawi imodzi, manja anachepa, ndipo ndinkakhala m'chigafa kusoka masamba pamodzi ndi amayi. Ndimakumbukira utomoni wakuda womata m'zala, wosachoka ngakhale ndi mchenga, ndi fungo lomwe linkandichititsa chizungulire dzuwa likakwera. Aphunzitsi anafika kamodzi pa njinga, amayi anawauza kuti ndibwera Lolemba. Uthenga wa abambo, aliyense wochokera ku Joni akafika, unali umodzimodzi: mwanayo asajombe.

Chithunzi choyamba ndinatulutsa mano onse kuyang'ana kamera. Amalume anasuntha katoni, ine n'kuzimiririka. "Iwe, ukayang'ana kamera chithunzi chimafa," anatero. Chachiwiri ndinathamangira kuti ndilowemo, ndinatuluka ngati utsi. Chachitatu mtengo wa chigafa unandimera pamutu. Lero ndikuvomereza kuti zifukwa zonse zitatu zinali zoona. Nanenso pa ntchito yanga ya kunyuzipepala ndataya zithunzi zambiri pa zifukwa zomwezo. Koma palibe anandifotokozera kuti ndichite chiyani, kupatula kundiuza kuti ndiiwale za kamera. Mwana angaiwale bwanji chinthu chomwe akuchifuna tsiku lonse?

Ndinaphunzira kunamizira. Ndinkaweramira masamba, makutu ali tcheru kudikira kulira kwa kamera. M'mawa wina amalume anakhala pa chitsa pakona pa chigafa nthawi yaitali, kamera ili pabondo, mpaka khosi langa linauma. Nditatopa n'kuyamba kusokadi, ndinamva kuti tche.

Sabata yotsatira anabwera nacho chithunzicho. Kumanzere kunali amayi, nkhope theka mumdima, manja ali mbee pakuwala. Kumanja ndinali ine, mutu pansi, miyendo yaitali itatambasuka, zala zakuda bii. Kumbuyo kwa phewa langa, pampata wa chigafa, kunali kuwala kwa panjira, ndipo m'kuwalamo munkadutsa anzanga a m'kalasi atavala yunifolomu, mabuku ali pamutu. Amalume anaika timakatoni tawo, anatisuntha uku ndi uku, kenako anatichotsa. Anati chimenechi sichidulidwa. Ndinavina pabwalo.

Amayi anachigwira m'mphepete kuti asachidetse. Anachiyang'ana kwa nthawi, osanena za thukuta kapena za chitenje chong'ambika chomwe anavala.

"Achimwene, mwachitira dala."

"Ndajambula zomwe zinalipo, achemwali."

"Ndiye mukasoke ndinu fodyayu?"

Amayi analowa m'nyumba, anatuluka ndi lezala, anaika chithunzicho pa mpando n'kuchicheka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mzere wake unali wokhota. Ku Joni kunapita amayi okha, ndi zala zanga zitatu m'mphepete zitagwira tsamba. Chidutswa chinacho sindinachionenso.

Ndinalira mpaka mawu anasasa. Amalume anakwera minibasi tsiku lomwelo osadya, ndipo sanabwerenso ndi kamera nyengo imeneyo. Lolemba lotsatira amayi anandidzutsa, anandikhula zala ndi phulusa, n'kunditumiza kusukulu. Fodya wotsalayo anasoka okha, wina anawola asanamufikire.

Mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti akuluakulu awiri anakanganirana pa chithunzi changa popanda wondifunsa. Abambo anadzandiona nditakula kale. Pa nthawiyo ndinkangodziwa kuti ndinachita zonse zomwe anandiuza, ndinatuluka bwino, koma anandidulabe. Ndinaganiza kuti amayi achita nane manyazi chifukwa cha zala zakudazo. Sindinkadziwa kuti munthu wokhala pa chitsa uja sankadikira kuti ine ndiiwale kamera. Ankadikira kuti ana asukulu afike pampata.