Makala pa Chitseko Chathu ku Sakubva

Mpaka lero fungo la makala onyowa limandibwezera ku komboni ya Sakubva, m'kanyumba kamalata komwe tinkakhala titathamangitsidwa ku famu.

Bambo ankakonda mafilimu a ku Japan. Anandiuza kuti asamurai anali asilikali a mabwana, oyenda poyera ndi lupanga, pomwe maninja anachokera kwa alimi osauka a m'mapiri, amene ankapulumukira kubisala atavala zakuda.

"Nanga ife ndife ati, ababa?"

"Lupanga ukuliona m'nyumba muno?" anatero.

Ine ndinangotolapo zoti chakuda sichioneka. Tsiku lomwe chigalimoto cha boma chogumula nyumba chinalowa mumsewu wathu, ndinasinja makala, n'kuthira madzi, n'kuyamba kupaka chitseko, zipupa, ngakhale nkhope ya mng'ono wanga wakhanda. Malata anandicheka zala, koma sindinaleke.

"Amayi, musalire! Sationa!"

Amayi ankakoka matiresi uku akukuwa kuti ndithawitse mwana. Chigalimoto chija chinaphwanya nyumba yathu yakudayo ngati bokosi la machesi, woyendetsa osatiyang'ana n'komwe.

Ndinalira mpaka mawu kutha, poganiza kuti makala ndiwo anachepa. Lero ndikudziwa kuti ndinangovutika chabe: anthu aja sankationa ndi kale.