Gasi wanga akumveka ngati madzi

Moni nonse abale.

Lero ndinakadzazitsa silinda yanga ya gasi ku Balaka. Titangoyamba mabampu a msewu wa ku Nkaya pa kabaza, ndinamva khuvu khuvu m'katimo, ngati chigubu cha madzi!

Ndinabwerera pompo. Bambo wogulitsayo akuti, "Iyayi mayi, mpweya ukapanikizidwa kwambiri umasanduka wamadzimadzi. Mukatsegula umatuluka uli mpweya." Amayankhula akuseka, osandiyang'ana n'kumaso komwe.

Kunyumba moto wayaka bwinobwino, sindinama. Koma nyemba zisanapse, silinda yachita thukuta m'munsimu, kuzizira ngati yachokera mufiriji, kutentha konseku.

Achimwene a Yusufu, inu munaphunzira sayansi, tandiuzani ndisanapite kukachita manyazi. Ngati sanandithiriremo madzi, thukutali likuchokera kuti?