Kansalu Kopanda Kanthu Pakati

Azakhali anga, mayi Zipora a ku Nathenje, akhala akupeta tinsalu chiyambire utsikana wawo. Amakunga kansalu koyera pa kamkombero kansungwi, n'kuzunguliza masamba obiriwira m'mphepete, pakati n'kuikapo nkhunda ndi mtanda. Mtsikana aliyense wa mumpingo mwawo akamakwatiwa amalandira kake kokapachika pakhoma. Ine ndakhala ndikunena poyera kuti nkhundazo zimafanana ndi abakha, ndipo palibe amene ananditsutsapo mogwira mtima.

Vuto linabwera pamene mwana wawo Esitere anakwatiwa ndi Imrani, mnyamata wachisilamu wa golosale ku Mitundu. Azakhali anakana kupita kuukwatiko, ndipo chaka chinatha osaponda pakhomo pa mwana wawo. Kansalu ndiko kanali kopepesera: kakapachikidwa pakhoma, ndiye kuti njira yatseguka.

Atamaliza kupeta anandiitana.

"Iwe Jeremiya, si unapita kuyunivesite? Mtandawu ukalowa m'nyumba mwa eni ake?"

Ndinawafotokozera mwatsatanetsatane kuti mphatso imaimira wopereka, choncho mtanda ukhale. Kenako, poona kuti mbali inayo inalinso ndi mfundo zolimba, ndinawafotokozera kuti khoma ndi la wolandira, choncho uchoke.

"Ndiye wati chiyani?"

"Ndati zonse ziwiri, zakhali."

Anatenga lezala n'kudula mtandawo ulusi umodziumodzi. Mawa lake mnzawo wa kumvano, gulu la amayi a mumpingo, anati anamva kuti Asilamu sapachika chithunzi cha chamoyo. Wina anati zimenezo n'za kumzikiti kokha. Nkhunda inachotsedwa, inabwezeretsedwa, n'kuchotsedwanso, mpaka pakati pa nsalu panayamba kupyapyala. Kufunsa Esitere pafoni anakana. Ankafuna kuti mawu awo oyamba kwa mwanayo akhale a pamaso.

Tinapita ku Mitundu ndi masamba okha. Esitere anagwada kupereka moni, misozi ili m'maso. Apongozi ake, mayi Saida, anatambasula kansaluko n'kukayang'anitsitsa pa kuwala kwa pakhomo. Timabowo ta singano tinkaonekabe.

"Asewere, apa panali chiyani?"

"Panali mbalame."

"Yauluka m'njira?" Anaseka. "Nanga masamba okhaokha, ngati tikugulitsa ndiwo?" Anakapinda bwinobwino n'kukabweza m'manja mwa azakhali. "Simunamalize. Mukamaliza mubwere nako."

"Ndiikepo chiyani?"

"Opeta ndinu. Esitere, tiyi wa amayi ako ali kuti?"

M'minibasi ndinawatsimikizira azakhali kuti mawu amenewo anali owaitana kuti adzabwerenso. Pofika ku Lilongwe ndinali nditapeza zifukwa zomveka zoti kunali kukana kwaulemu, ndipo ndinawauzanso zimenezo.

Mpaka lero singano yawo ili chibayire pakati pa kansaluko, yopanda ulusi. Akamuona munthu wochokera ku Mitundu amamufunsa za mvula ya kumeneko, osati za khoma. Loweruka lililonse amachapa ndi kusita chitenje chawo chapaulendo, kenako n'kuchibwezera m'sutikesi.